KUSINTHA MTUNDU WA ULUSI POLUKA ZIGAMBA ZA GOMBEZA

Miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Lichinga. Mwana wakhanda amafuna chofunda chotentha. Nkhalamba nazo zimafuna chofunda chotentha. Gombeza la m'sitolo ndi lodula. Koma munthu amene ali ndi ulusi ndi singano yangowe angathe kuluka gombeza lake, chigamba chimodzi lero, china mawa, mpaka zigamba zitakwana.

Ambiri a ife tikudziwa kuluka ndi ulusi wa mtundu umodzi. Timaluka zipewa za ana ndi nsalu za patebulo. Vuto limabwera tikafuna kuika chithunzi pa chigamba: duwa, nsomba, nyumba kapena dzina la mwana. Mitundu imalowana. Chithunzi chimapindika. Ulusi umapiringizana, ndipo wina timaudula n'kuutaya. Ulusi ndi ndalama. Sitiyenera kuutaya.

M'phunziro ili tiphunzira lamulo limodzi lalikulu. Lamulo lake ndi ili: ulusi watsopano umalowa diso lakale lisanathe. Tiyeni tiwerenge pang'onopang'ono, ngowe ili m'manja, kuti timvetse tanthauzo la lamuloli.

MAWU OYENERA KUWADZIWA

Ngowe ndi singano yolukira, yopindika kunsonga.

Kamphete ndi ulusi umene wazungulira ngowe pamene tikuluka.

Unyolo ndi chingwe choyamba chimene timaluka. Ndiwo maziko a chigamba.

Diso ndi kamfundo kamodzi koluka, monga tinenera maso a ukonde. Maso ambiri ondondozana amapanga mzere.

Nkhope ya chigamba ndi mbali imene anthu adzaione. Msana wa chigamba ndi mbali ya kuseri.

Mchira ndi kaulusi kotsala pamene tayambira kapena pamene tadula.

NTCHITO IMENEYI INACHOKERA KUTI?

Kuluka ndi ngowe pa Chipwitikizi amati croché. Mawuwa anachokera ku Chifalansa, ndipo tanthauzo lake ndi kangowe. Malangizo oyamba osindikizidwa a ntchitoyi anatuluka m'magazini ya ku Holland yotchedwa Penélopé m'chaka cha 1823.

M'chaka cha 1845 ku Ireland kunayamba njala yoopsa. Mbatata ya kachewere, yomweyi timalima ku Angónia ndi ku Tsangano, inaola m'minda chifukwa cha matenda. Amayi ndi atsikana ambiri anaphunzira kuluka ndi ngowe. Zoluka zawo zinkagulitsidwa m'maiko ena, ndipo ndalama zake zinkagula chakudya.

Ku America gombeza loluka ndi manja amalitcha afghan. Kumeneko anthu ambiri amajambula chithunzi pa pepala la timabokosi, kenaka amaluka motsata pepalalo. Ku Colombia amayi a mtundu wa Wayuu amaluka matumba a mitundu yambiri otchedwa mochila, ndipo ulusi umene sakuugwiritsa ntchito amaubisa m'kati mwa maso. Njira ziwiri zonsezi tiziphunzira pano.

ZOFUNIKA

Pezani ngowe imodzi. Ya mamilimita 4 imagwirizana ndi ulusi wapakati, wosawonda ndi wosanenepa. Pezani ulusi wa mitundu iwiri, woyera ndi wofiira, kapena iwiri ina yosiyana bwino. Pezaninso sizasi kapena lumo, singano ya bowo lalikulu, pensulo, ndi pepala la timabokosi la m'kope la masamu.

Ulusi wa mitundu iwiriyo ukhale wofanana kunenepa. Wina ukanenepa wina n'kuwonda, chigamba chidzatupa pena n'kufota pena. Musasakanize ulusi wa thonje ndi wa ubweya wa nkhosa m'chigamba chimodzi, chifukwa pochapa umafota mosiyana.

Musanayambe, yesani ulusi wofiira. Dulani kachidutswa, kaviikeni m'madzi a sopo, ndipo kafinyireni pa nsalu yoyera. Nsaluyo ikafiira, ulusiwo ndi wotaya mtundu. Musauphatikize ndi woyera, chifukwa udzawononga ntchito yanu tsiku loyamba kuchapa.

DISO LILI NDI MAGAWO AWIRI

Diso limene tigwiritse ntchito ndi lalifupi. Pa Chipwitikizi amati ponto baixo. Mabuku a ku America amati single crochet, pamene a ku Britain amati double crochet. Dzina lisakusokonezeni. Diso lake ndi limodzi lomwelo. Timalisankha chifukwa m'litali ndi m'lifupi mwake ndi mofanana pafupifupi, ngati kabokosi ka papepala.

Pa ngowe pamakhala kamphete kamodzi nthawi zonse. Tsono diso timaliluka motere.

Gawo loyamba: lowetsani ngowe m'diso la mzere wapansi. Kolani ulusi, muukokere kwa inu. Tsopano pa ngowe pali timphete tiwiri.

Gawo lachiwiri: kolaninso ulusi, muudutsitse m'timphete tiwirito. Diso latha. Pa ngowe patsala kamphete kamodzi.

Yang'anitsitsani kamphete kotsalako. Kamapita kuti? Mukaluka diso lotsatira, kamphete kameneka kamagona pamwamba pake, n'kukhala mutu wake. Ndiye kuti diso lililonse limalandira mutu kuchokera ku diso limene lalitsogolera. Chinsinsi chonse cha phunziro lathu chagona pamenepa.

KUWERENGA CHITHUNZI

Chithunzi cha timabokosi timachiwerenga monga tiwerengera buku, koma malamulo ake ndi ena.

Kabokosi kamodzi ndi diso limodzi. Mzere umodzi wa timabokosi ndi mzere umodzi woluka.

Buku timaliyambira pamwamba kutsika pansi. Chithunzi timachiyambira pansi kukwera m'mwamba, monga m'misiri amangira nyumba ya njerwa.

Buku timaliwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja mizere yonse. Chithunzi ayi. Mzere 1 timauwerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere. Tikafika kumapeto timatembenuza chigamba, ndipo mzere 2 timauwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja. Timapita ndi kubwerera, monga ng'ombe zolima ndi pulawo.

Choncho mizere 1, 3, 5, 7 ndi 9 iyambira kumanja. Pa mizere imeneyi nkhope ya chigamba ikuyang'ana inu. Mizere 2, 4, 6, 8 ndi 10 iyambira kumanzere. Pa mizere imeneyi msana wa chigamba ndiwo ukuyang'ana inu. Amene amagwira ngowe ndi dzanja lamanzere atembenuze: mzere 1 auyambire kumanzere.

Nachi chithunzi chathu choyamba. Ndi chilembo L. Chizindikiro o ndi ulusi woyera. Chizindikiro X ndi ulusi wofiira.

Mzere 10:  o o o o o o o o o o
Mzere 9:   o o o o o o o o o o
Mzere 8:   o o X X o o o o o o
Mzere 7:   o o X X o o o o o o
Mzere 6:   o o X X o o o o o o
Mzere 5:   o o X X o o o o o o
Mzere 4:   o o X X X X X X o o
Mzere 3:   o o X X X X X X o o
Mzere 2:   o o o o o o o o o o
Mzere 1:   o o o o o o o o o o

Koperani chithunzichi m'kope lanu. Lembani manambala a mizere m'mbali. Mukatha kuluka mzere, ikani chizindikiro ndi pensulo. Mukatero, ngakhale munyamuke kukasonkhezera moto kapena kukatunga madzi, mudzadziwa pamene munalekera.

POSINTHIRA MTUNDU

Tiyerekeze kuti chithunzi chikuti maso awiri oyera, kenaka ofiira.

Munthu wosadziwa amaluka maso awiri oyera mpaka kutha, kenaka n'kutenga ulusi wofiira. Chimachitika n'chiyani? Kamphete kotsala pa ngowe ndi koyera. Diso loyamba lofiira limalandira mutu woyera. Thupi lofiira, mutu woyera. Mzere uliwonse zikatero, m'mphepete mwa chilembo mumakhala mathothomathotho, ndipo chilembocho sichiwerengeka bwino.

Munthu wodziwa amachita motere.

1. Amaluka diso loyamba loyera mpaka kutha.
2. Pa diso lachiwiri loyera amachita gawo loyamba lokha. Pa ngowe pali timphete tiwiri toyera.
3. Amaima. Amasiya ulusi woyera.
4. Amakola ulusi wofiira, n'kuudutsitsa m'timphete tiwiri toyerato.
5. Diso lachiwiri latha, ndipo likadali loyera. Koma kamphete ka pa ngowe ndi kofiira.
6. Diso lotsatira limakhala lofiira thupi ndi mutu womwe.

Ndi chifukwa chake tanena kuti ulusi watsopano umalowa diso lakale lisanathe. Diso lomaliza la mtundu wakale timaliyamba ndi ulusi wakale, koma timalitsiriza ndi ulusi watsopano. Pobwerera ku woyera timachita chimodzimodzi: diso lomaliza lofiira timalitsiriza ndi woyera.

Ngati ulusi wofiira ukulowa koyamba, siyani mchira wa masentimita 15, pafupifupi kutalika kwa dzanja lanu. Musamange mfundo. Gwirani mchirawo ndi chala mpaka mutaluka maso awiri, ndipo udzagwira wokha. Mukasintha, kokani pang'ono ulusi umene mwausiya kuti diso lisayasame. Kokani pang'ono chabe, osati mwamphamvu.

Ngati mzere wotsatira ukuyamba ndi mtundu wina, lamulo ndi lomwelo. Tsirizani diso lomaliza la mzere uno ndi mtundu watsopano, kenaka lukani diso limodzi la unyolo, n'kutembenuza.

ULUSI WODIKIRA UKHALE KUMSANA

Ulusi umene mwausiya uyenera kugwera kumsana kwa chigamba nthawi zonse. Apa ambiri amasokonezeka, chifukwa chigamba timachitembenuza mzere uliwonse.

Pa mizere 1, 3, 5, 7 ndi 9 msana uli kutali ndi inu. Siyani ulusi ugwere kuseri.

Pa mizere 2, 4, 6, 8 ndi 10 msana uli kwa inu. Kokerani ulusi wakale kwa inu, muugwire ndi chala chachikulu, kenaka kolani watsopano.

Kuti musaiwale, mangirirani kaulusi ka mtundu wina kunkhope ya chigamba. Mukakaona, dziwani kuti nkhope ili kwa inu.

TIYENI TILUKE CHILEMBO L

Lukani unyolo wa maso 11 ndi ulusi woyera. Dumphani diso loyamba la pafupi ndi ngowe, yambirani lachiwiri. Mupeza maso 10. Uwu ndi mzere 1. Pamapeto a mzere uliwonse lukani diso limodzi la unyolo, n'kutembenuza. Diso la unyolo limeneli sitiliwerenga.

Mzere 2: oyera 10.

Mzere 3, kuchokera kumanja: oyera 2, ofiira 6, oyera 2. Diso lachiwiri loyera litsirizeni ndi wofiira. Poluka ofiira 6, gonekani ulusi woyera pamwamba pa mzere wapansi, ndipo lukani mouphimba, uziyenda nanu m'kati mwa maso. Diso lofiira lachisanu ndi chimodzi litsirizeni ndi woyera.

Mzere 4, kuchokera kumanzere: oyera 2, ofiira 6, oyera 2. Ulusi wofiira muupeza ukukudikirani pomwe munausiya.

Mzere 5, kuchokera kumanja: oyera 6, ofiira 2, oyera 2. Apa chenjerani. Ulusi wofiira unatsala pafupi ndi poyambira, koma ukufunika patsogolo. Lukani oyera 2. Kenaka gonekani wofiira, muuphimbe ndi maso oyera 4. Diso lachinayi la amenewa litsirizeni ndi wofiira.

Mzere 6, kuchokera kumanzere: oyera 2, ofiira 2, oyera 6.

Mzere 7: monga mzere 5, koma tsopano wofiira uli pamalo pake. Palibe chifukwa chouphimba.

Mzere 8: monga mzere 6. Mukatha ofiira 2, dulani ulusi wofiira, musiye mchira wa masentimita 15.

Mizere 9 ndi 10: oyera 10.

Onani bwino mzere 5 ndi mzere 6. Pa pepala ndi yofanana, koma poluka wina uyamba ndi oyera 6, wina ndi oyera 2. Munthu akawerenga mizere yonse kuchokera mbali imodzi, mwendo wa L udzalumphira uku ndi uku, ndipo sipadzakhala chilembo. Akayambira mzere 1 mbali yolakwika, L adzayang'ana kumbuyo ngati wa pagalasi.

Mzere 5 watiphunzitsanso chinthu china. Musanayambe mzere, yang'anani umene ukubwera. Dzifunseni kuti: ulusi uwu udzafunika pati? Woluka wanzeru amaona patsogolo.

NJIRA ZITATU ZOSUNGIRA ULUSI WODIKIRA

Njira yoyamba ndi kuphimba, monga tachitira pa chilembo L. Ndi yabwino pamene ulusi ukudutsa maso owerengeka. Ubwino wake ndi wakuti michira imachepa. Kuipa kwake ndi kwakuti chigamba chimalimba, ulusi umatha wambiri, ndipo wakuda kapena wofiira umaonekera pang'ono m'kati mwa woyera. Ngati simufuna kuti uonekere, dulani n'kuyambiranso pamene ukufunika.

Njira yachiwiri ndi ya timipira. Gawo lililonse la chithunzi limakhala ndi kampira kake ka ulusi. Kulungani ulusi pang'ono pa kabango, pa kapepala kolimba ka katoni, kapena pa chopanira zovala. Ngati pakati pali nyumba yaikulu yofiira, mufunika timipira titatu: koyera kumanja, kofiira pakati, koyera kena kumanzere. Kalikonse kamadikira pamalo pake mpaka mutabwerera. Njira imeneyi imapereka gombeza lofewa ndi chithunzi choyera mbali zonse ziwiri. Ndiyo yoyenera zithunzi zikuluzikulu.

Njira yachitatu ndi kudula. Gwiritsani ntchito njira imeneyi pamene mtundu watha ntchito, kapena pamene sudzafunikanso mpaka patapita mizere yambiri. Kumbukirani kuti kudula kulikonse kumabala michira iwiri yofunika kusoka.

Pali njira ina yoipa imene tiyenera kuipewa. Ena amangolumphitsa ulusi kumsana, n'kusiya zingwe zitalizitali zikulendewera. Pa gombeza la mwana zimenezi n'zoopsa. Chala cha khanda ndi chaching'ono. Chingwe chingathe kuchikulunga usiku, magazi n'kuleka kuyenda bwino. Pa chofunda cha mwana musasiye chingwe cholendewera ngakhale chimodzi.

KUTI ULUSI USAPIRINGIZANE

Ulusi umapiringizana chifukwa timatembenuza chigamba mbali imodzi yokhayokha. Mankhwala ake ndi apafupi. Mukatha mzere uwu, tembenuzirani kumanja. Mukatha wotsatira, tembenuzirani kumanzere. Ulusi umene unapotana udzapotoloka wokha.

Ikani mpira woyera m'dengu la kumanja kwanu, wofiira m'dengu la kumanzere. Timipira tating'ono tisamasulidwe ulusi wautali. Masulani wokwanira mzere umodzi basi. Ulusi ukapiringizana, musaukoke ndipo musathamangire sizasi. Ikani ngowe pansi, muumasule bwinobwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

KUSOKA MICHIRA

Chigamba chikatha, chitembenuzeni msana m'mwamba. Lowetsani mchira m'singano ya bowo lalikulu. Uyendetseni m'kati mwa maso a mtundu wake womwe: wofiira m'maso ofiira, woyera m'maso oyera. Pitani masentimita 3 kapena 4, kenaka bwererani pang'ono podutsa njira ina. Mukatero dulani wotsala.

N'chifukwa chiyani sitimanga mfundo? Mfundo imatulukira kunkhope. Imabaya mwana pogona. Ndipo pochapa imamasuka, makamaka ngati tadula michira yake pafupi. Mfundo ikamasuka pamabooka, ndipo bowolo limakula. Mchira wosokedwa mopita ndi kubwerera sumasuka wamba.

Sokani michira ya chigamba chilichonse chikangotha. Musadikire kuti zigamba zonse zikwane. Ntchito younjika imagwetsa ulesi.

ZOVUTA NDI MANKHWALA AKE

Chigamba chakwinyika pakati. Ulusi wophimbidwa mwaukoka kwambiri. Mukatha mzere, tambasulani chigamba ndi manja awiri kuti ulusi wa m'kati upume.

Pali bowo posinthira mtundu. Ulusi wakale simunaukoke mutasintha. Ukokeni pang'ono musanapitirire.

Chigamba chikuwonda pamene chikukwera. Mukudumpha diso loyamba kapena lomaliza la mzere. Werengani maso pamapeto a mzere uliwonse. Akhale 10 nthawi zonse.

Mtundu wakhala pamalo olakwika. Chotsani ngowe, kokani ulusi, masulani mpaka pamene panalakwika. Ulusi womasula suwonongeka. Mudzaulukanso. Ndi bwino kumasula mzere umodzi lero kusiyana ndi kumasula khumi mawa.

MASAMU A WOLUKA

Tiwerenge chigamba chathu. Mizere 10 ya maso 10 ndi maso 100. Ofiira ndi 6 kuphatikiza 6, kuphatikizanso 2 kanayi. Onse pamodzi ndi 20. Oyera ndi 80.

Kodi kampira kofiira kakhale ndi ulusi wotalika bwanji? Lukani maso 10, muwamasule, ndipo yezani ulusi umene analowa. Tiyerekeze kuti mwapeza masentimita 50. Ndiye kuti maso 20 afuna masentimita 100, imene ndi mita imodzi. Onjezani masentimita 30 a michira iwiri, ndi ena pang'ono a ulusi wophimbidwa. Mukawerengera motere simudzadula ulusi wambiri wongotaya, ndipo mudzadziwa wogula.

Kodi gombeza lifuna zigamba zingati? Yezani chigamba chanu cha L. Tiyerekeze kuti maso 10 akwana masentimita 6. Chigamba cha maso 30 chidzakwana masentimita 18. Zigamba 5 m'lifupi ndi masentimita 90. Zigamba 6 m'litali ndi masentimita 108 pafupifupi. Zigamba zonse ndi 30. Limeneli ndi gombeza lokwanira mwana wamng'ono.

Diso lalifupi limakonda kutambalala pang'ono kuposa kutalika kwake. Chigamba chikafupika, onjezani mzere umodzi woyera pansi ndi wina pamwamba pa chithunzi. Mukatero pa chigamba chimodzi, teroni pa zonse.

KULUMIKIZA NDI KUSAMALA

Zigamba zonse zikhale ndi maso ofanana ndi mizere yofanana. Zilukidwe ndi ngowe imodzi ndi ulusi wofanana. Ngati mukuluka pagulu, fananitsani zigamba zoyamba. Wina ali ndi dzanja lolimba, wina lofewa. Wa dzanja lolimba atenge ngowe yokulirapo, wa dzanja lofewa atenge yocheperapo, mpaka zigamba zitalingana.

Yalani zigamba pamphasa, nkhope m'mwamba, monga mufunira kuti zikhale. Ngati zili ndi zilembo, werengani dzinalo mokweza musanasoke. Kenaka tengani ziwiriziwiri, nkhope ndi nkhope, muzisoke diso ndi diso.

Ulusi wambiri wa m'misika masiku ano ndi wa akiriliki, wopangidwa m'fakitale. Ndi wotentha, wopepuka ndi wosavuta kuchapa. Koma suyanjana ndi moto. Umasungunuka n'kumatirira pakhungu. Mwana amene wafunda gombeza lotere asagone pafupi ndi moto kapena mbaula. Musalisite ndi simbi yamoto. Lichapeni ndi madzi ozizira, musalipotokole, ndipo liyanikeni chogoneka pamthunzi.

KUMBUKIRANI

Kabokosi kamodzi ndi diso limodzi.
Chithunzi chiyambira pansi.
Mzere wina uchokera kumanja, wina kumanzere.
Ulusi watsopano umalowa diso lakale lisanathe.
Ulusi wodikira ukhala kumsana.
Mchira timasoka, sitimanga mfundo.

MAFUNSO

1. Kodi kamphete kotsala pa ngowe kamakhala chiyani pa diso lotsatira?
2. Chithunzi chikuti oyera 4, ofiira 3. Kodi ulusi wofiira ulowa pa diso liti?
3. Mzere 7 timauwerenga kuchokera mbali iti?
4. N'chifukwa chiyani sitisiya zingwe zolendewera pa gombeza la mwana?
5. Chigamba chili ndi maso 30 ndi mizere 30. Maso onse ndi angati?

NTCHITO

Tengani pepala la timabokosi. Jambulani malire a timabokosi 10 m'lifupi ndi 10 m'litali. M'kati mwake lembani chilembo choyamba cha dzina lanu, podetsa timabokosi ndi pensulo. Zilembo za mizere yowongoka monga E, F, H, I ndi T n'zosavuta. Zilembo zokhota monga C, O ndi S zijambuleni ndi ngodya, ngati makwerero. Pambali pa mzere uliwonse lembani kuti oyera ndi angati, ofiira ndi angati, ndipo uyambira mbali iti. Patsani mnzanu pepalalo kuti aliwerenge. Akaliwerenga osafunsa, tengani ngowe, yambani unyolo wa maso 11.